Tina, Tiina, Thina

Tina si dzina lathunthu, ni mcila wa dzina. Mutu wake unadulidwa, ndipo mukafuna kuuona muuzeni mwini wake atulutse reji. Wina mudzapeza ni Christina, wina Martina, wina Justina, wina Valentina kapena Clementina. Pa reji yanga panalembedwa Fostina. Koma ku Chawama kumene n'nakulila kulibe amene anali na nthawi yochula zonsezo. Kucokela nili kumsana nine Tina, ndipo dzina lonse limatuluka pakamwa pa anthu awili cabe: amai nikawakalipitsa, na mnyamata wa pa buthi ya mobile money, amene amaliwelenga mokuwa kuti onse ali pamzele amve asanatumize ndalama.

Mu Giledi 7 tinalimo a Tina atatu m'kalasi imodzi, aliyense na mutu wake: Christina, Ernestina na ine. Aphunzitsi akati "Tina!" tonse tinali kuceuka pamodzi monga nkhuku zamva cimanga m'mbale. Kuti maina atatu osiyana conco athele pa liwu limodzi, nkhani yake iyambila kutali, ku Roma.

Aroma anali na kamcila kamene anali kuphatika kumapeto kwa liwu pofuna kunena kuti munthu ni wa kwa uje: -inus kwa mwamuna, -ina kwa mkazi. Mars anali mulungu wawo wa nkhondo, uja amene mwezi wa March unatengako dzina, ndipo kwa iye kunacokela Martinus na Martina. Valens ni wamphamvu, ndiye Valentina. Clemens ni wofatsa, wacifundo. Justus ni wolungama, caelestis ni wakumwamba, ndiye Justina na Celestina. Christina anadzela m'Cilatini momwemo, koma muzu wake ni wa Cigiriki, Christos, wodzozedwa. Pambuyo pake maina a Cijelemani monga Albert na Ernst nawonso anavala kamcila kameneka kuti akhale a ana aakazi.

Lomba yang'anani bwino. Kamcila ni -ina, osati -tina. T uja ni wa kumutu, ni cilembo comaliza ca Mart, Valent, Just, Christ. Amene anayamba kunena kuti Tina sanadule polumikizila, anatema fupa monga wogulitsa nkhuku amene ali na makasitomala ambili pa Soweto. Tanthauzo lonse, nkhondo, mphamvu, cilungamo, kudzozedwa, linatsala ku cidutswa cimene cinatayidwa. Anadulila pamenepo cifukwa pochula maina aya mau amakwela pa "ti", ndipo mukaitana mwana amene ali kutali ku pompi, zoyambilila zimapita na mphepo. Cimene cimamufika ni kucokela pokwela paja mpaka kumapeto. Regina anakhala Gina mwa njila yomweyo, Carolina anakhala Lina, Wilhelmina anakhala Mina.

Ife kadzina aka kanatikomela pa cifukwa cinanso. Lilime la Cinyanja silikonda zilembo zounjikana popanda vawelo pakati. Ambuya anali kuti Khilisitina, Fositina, Enesitina, kutambasula dzina monga mtanda wa vitumbuwa mpaka lifike magawo anai kapena asanu. Tina alibe cotambasula. Ti, na, basi. Analowa m'Cinyanja osagogoda, monga mwana wa pakhomo.

Mitu ija inabwela kuno na madzi a ubatizo. A White Fathers anamanga misheni ku Mambwe Mwela mu 1891 na ina ku Chilubula mu 1899. Caka comweco ca 1899 a Dutch Reformed anafika ku Magwero pafupi na Chipata, ndipo mu 1905 a Jesuit anayamba ku Chikuni na ku Kasisi. Kumisheni kunali sukulu, kunali mankhwala, kunali njila yopita ku nchito ya ukalaliki, ndipo polowela pake panali buku lolembamo maina. Kwa Akatolika dzina lolembedwa linafunika kukhala la woyela mtima.

Ambuya anga, amai awo a atate, anabatizidwa ali namwali ku misheni ina kufupi na Katete. Anali kusimba moseka kuti tsikulo anafuna kukhala Maria, koma atsikana anai amene anali kutsogolo kwawo pamzele onse anasankha Maria, ndipo akatekisiti anatopa n'kunena kuti otsala asankheko ena. Anawawelengela maina, iwo anaima pa Fostina cifukwa ati linamveka lonenepa. Tanthauzo sanafunse, ndipo palibe anawauza. Ni dzina limenelo n'napatsidwa ine mcombo utagwa.

Tanthauzo lilipo. Faustus m'Cilatini ni wamwai. Akazi a mafumu awili a Roma, Antoninus Pius na Marcus Aurelius, onse anali a Faustina, mai na mwana wake. Faustina amene Akatolika a masiku ano amudziwa kwambili ni sisitele wa ku Poland, Faustina Kowalska, amene anamwalila mu 1938 ndipo anaikidwa pa gulu la oyela mu 2000 na Papa John Paul II, uja anabwela kuno mu May 1989. Nayenso sisiteleyu sanabadwe Faustina, anabadwa Helena, dzina linalo analipeza atalowa usisitele. Conco mutatembenuza reji yanga m'Cinyanja, ine nine Mwai. Koma mwai wonse uli mu Faus, ndipo Faus ndiye anatsala pa pompi.

Nkhani ya ambuya si yawo okha. Mai Albertina Sisulu a ku South Africa, nesi amene anali pakati pa azimai amene anaguba kupita ku Union Buildings ku Pretoria pa 9 August 1956 kukana malamulo a mapasi, anabadwa mu 1918 na dzina lakuti Nontsikelelo. Muzu wake ni sikelela, kudalitsa, liwu lija lili mu Nkosi Sikelel' iAfrika, nyimbo imene nyimbo ya dziko lathu inatengako maimbidwe. Anali Madalitso. Albertina anamusankha pa mndandanda wa maina umene anapatsidwa ku sukulu ya misheni, ndipo ni dzina limenelo apolisi a boma la tsankho anali kulemba m'mafailo awo kwa zaka zambili.

Zonsezi sin'kanazifufuza pakanapanda mlamu wanga kukhala na pakati caka catha. Mlongosi wanga anakamba pa banja kuti akabadwa mkazi adzakhala Tina, anipatse ulemu ine amene n'namulipilila fizi ya ku koleji. Msuweni wathu, amene anaphunzila kuposa tonse ndipo salola kuti tiiwale zimenezo, anakana pamaso panga. "Tina atanthauza ciani? Asisi, osakwiya, koma dzina lanu ni salaula. Anavala ena, anataya, ife tinatola. Mwana apatsidwe dzina lokamba."

N'nakwiya, koma mau ake sanali opanda mutu. Kwathu dzina limakamba zoona. Mabvuto, Misozi, Masiye: mukamva cabe mwadziwa kale mmene pakhomo panalili mwanayo pobadwa. Ndiye pali maina aja a mafunso a kum'mawa, Tikambenji, Tionenji, Tisiyenji, na aja olamula, Lekani, Malizani. Amenewo sakamba na mwana iyayi. Ni kalata yopita kwa aneba, kwa mkazi mnzako pa cipali, kwa aja uwaganizila kuti ndiwo akumaliza ana ako. Mai amaimilila pakhomo madzulo kuitana mwana wake, mudzi wonse n'kumva mlandu, ndipo palibe angamutengele kwa anyakwawa cifukwa waitana cabe mwana. Olo maina a Cizungu amene tidzipangila tokha mu komboni, Gift, Given, Blessing, Memory, Precious, amatsatila mwambo umenewo. Mau ni a eni, koma maganizo ni athu. Pakati pa maina otele, Tina aoneka monga munthu wabwela pa msonkhano alibe cokamba.

Msuweni analondolanso pa cina: ambuya anasankha, inde, koma pa mndandanda umene analemba ena. Aneba athu ku Zaire anafuna kukonza zimenezi na lamulo. Mu 1972 Joseph-Désiré Mobutu anakhala Mobutu Sese Seko, ndipo analamula kuti anthu onse ataye maina a ubatizo atenge a makolo. Anthu anamvela pa mapepala. Ulamulilo wake utatha maina aja anabwelela, ndipo lelo Mkongo amanyamula onse, la ubatizo, la banja na lija la makolo. Zioneka kuti dzina likakhala pa munthu zaka zambili silicoka na cidindo ca boma.

Cimene msuweni sanadziwe ni cakuti ambuya sanalile dzina lawo loyamba. Linali limodzi mwa maina aja a mafunso. Anabadwa pambuyo pa ana atatu amene sanafike poyenda, ndipo amai awo anaika mkwiyo wonse na mantha onse m'dzina la mwana wacinai. Ananiuza dzinalo kamodzi cabe, tili kusenda nshawa, ndipo sinidzalilemba pano cifukwa iwo sanafune kuti liitanidwenso. Anati tsiku lililonse la ubwana wawo anali kuyankha ku malilo a abale awo amene sanawaone. Fostina, dzina limene kwa iwo silinali kutanthauza ciliconse, linali mpumulo. Nikamva anthu pa Facebook akamba za kubwelela ku maina athu monga onse anali maluwa, nimakumbukila nshawa zija.

Ndipo kodi n'zoona kuti Tina sakamba? Pa pepala mwina. M'khutu la munthu wa Cinyanja akamba mpaka kulongolola. Tina- ni mmene timayambila kusimba zimene zinaticitikila tili pamodzi: tinabwela, tinalima, tinavutika, tinaseka, tinamuika m'manda Lacisanu. Nili mwana, akulu akakhala pa mphasa kusimba za ulendo wa kumudzi, n'nali kuthamangila kuja kambili-mbili niganiza aniitana. "Tina..." ine nafika kale, "...fika ku Luangwa Bridge usiku." Amai anali kunipitikitsa na cikho. Dzina langa m'Cinyanja ni ciganizo cimene wina wayamba koma sanatsilize. Ndipo liyamba na ti yemweyo wa Tionge, Tiyamike na Tikambenji, ti wa ife. Aroma sanakonze zimenezo, zinangogwilizana, koma khutu silifunsa kumene liwu linacokela.

Ku Kopala dzina linasintha nkhope. Pa holide ina n'napita kwa amalume ku Kitwe, ndipo anyamata a pa laini anali kulikoka pakati: "Tiina! Tiina!" Ukutiina m'Cibemba ni kuopa, ndipo tiina ni lamulo, opa. Pokhala ine wa kum'mawa ndipo iwo Ababemba, cimbuya cinagwila moto tsiku loyamba. Ati ngakhale makolo ako anadziwa kuti mudya mbewa afunika kutiopa. Msuweni wanga wa kumeneko ndiye ananiphunzitsa poyankha: lamulo limapita kwa womvela, osati kwa mwini dzina, conco aliyense amene aniitana adzicenjeza yekha. Pambuyo pake n'namva liwu lomwelo m'chalichi, pokamba za kuopa Mulungu, mantha aja osakanizika na ulemu. N'nabwelela ku Lusaka niyenda mokweza mapewa.

Kum'mwela kwa Zambezi liwu likhalanso na ife mkati. M'Cishona tina ni "tili na", ndipo Tinashe ni "tili na Ambuye". Woimba uja wa ku America amene acinyamata mumudziwa na dzina limodzi lakuti Tinashe ni Tinashe Kachingwe, anabadwila ku Kentucky mu 1993, atate ake ni a ku Zimbabwe. Mukadula dzina lake mudzapeza Tina amene ni mutu, osati mcila. M'Cizulu, m'Cixhosa na m'Cindebele thina ni "ife", ndipo liwu limenelo si lacilendo kwenikweni kum'mawa, pakuti Angoni amene Zwangendaba anawaolotsa Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, anacokela kumene amakamba conco. Zidzukulu zawo lelo zikamba Cinsenga na Cinyanja, Cingoni cinatsalila m'nyimbo za pa Nc'wala ku Mtenguleni na m'maina a mafuko.

Koma thina uja ali na h, ndipo apa m'pamene Cinyanja cimanibaya. Ife timasiyanitsa t wouma na th wa mpweya: kutenga si kuthenga, kutula si kuthula. Mzungu sasiyanitsa. T wake wa kumayambililo kwa liwu amatuluka na mpweya nthawi zonse, conco akachula dzina langa mwa kwawo, khutu langa limamva Thina. Kuthina mukudziwa: nsapato ya caka catha, siketi ya yunifomu ya mu Giledi 9 imene mwana akali kuvala mu Giledi 11, minibasi ya ku Kulima Tower kondakitala akati anai-anai pa mpando wa anthu atatu. Atsikana ena a ku masukulu a ndalama, amene amatulutsa mau m'mphuno, amaniitana conco osadziwa kuti aniuza kuti nathina. Ndipo ife tonse tidziwa tanthauzo lina, lija la pakati pa mwezi: zathina.

Apa dzina langa likumana na mbili ya dziko m'njila imene sinikondwela nayo. Margaret Thatcher, nduna yaikulu ya Britain kucokela 1979 mpaka 1990, uja anavina na a Kaunda pa msonkhano wa Commonwealth mu Lusaka mu August 1979, anali na mau amene anali kubweleza poteteza mfundo zake za cuma: there is no alternative, kulibe njila ina. Zilembo zoyamba zipanga TINA, ndipo ena m'cipani cake anali kumuchula dzina limenelo kumbali. Mfundo zija, boma licoke m'malonda, mitengo idziyendele yokha, makampani a boma agulitsidwe, zinafika kuno kupitila mu IMF na World Bank. Mu December 1986 mtengo wa unga utakwela ku Kopala kunabuka cipolowe ndipo anthu anafa. Pa 1 May 1987 a Kaunda anasiya pulogilamu ya IMF, koma ngongole inawabweza, ndipo mu June 1990 unga unayatsanso moto mu Lusaka. Boma la a Chiluba litalowa mu 1991 linatsegula zitseko zonse. Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, migodi inatsiliza kugulitsidwa mu 2000.

Ine n'nabadwa m'zaka zimenezo. Atate anacotsedwa nchito nisanayambe sukulu, ndipo ndalama zawo anaziyembekezela mpaka tsitsi linacita imvi. Amai anayamba na beseni imodzi ya tomato pamsewu, kenako kapenta, kenako salaula yemweyo amene msuweni amanyoza, amene anamuveka iye mwini kucokela ku nasale mpaka ku yunivesite. Akulu a masuti anali kukamba pa wailesi kuti kulibe njila ina. Azimai a mu komboni anali kuuka 04 koloko kukaifuna njilayo ku Soweto. N'tawelenga koyamba za TINA wa mai Thatcher n'naseka nekha: kansi pamene amai anali kuitana dzina langa madzulo alionse, ku London linali dzina la cinthu cimene cinathinitsa nyumba yathu.

Tina wochuka kuposa onse sanali Christina kapena Martina. Analibe mutu uliwonse. Anna Mae Bullock anabadwa mu 1939 ku Tennessee, anakulila ku Nutbush kumene anatolako thonje ali mwana, ndipo ali mtsikana anayamba kuimba m'gulu la Ike Turner ku St. Louis. Mu 1960 anajambula nyimbo ya A Fool in Love, ndipo Ike analemba pa lekodi dzina limene mtsikanayo sanasankhe: Tina Turner. Analitenga cifukwa limveka monga Sheena, mkazi wa m'mabuku a zithunzi amene anali kuchedwa mfumukazi ya m'nkhalango, mzungu wovala cikopa ca nyalugwe m'Africa ya m'maloto a Aamerika. Ike analembetsa dzinalo mwalamulo kukhala katundu wake, kuti Anna Mae akathawa apeze mtsikana wina amuike pa siteji akhale Tina Turner. Dzinalo linali yunifomu ya pa nchito, ndipo mwini yunifomu anali kumumenya.

Anathawa mu 1976 ku Dallas ali na masenti 36 m'thumba. Cikwati cinatha mu khoti mu 1978, ndipo anasiyila Ike pafupi-fupi cuma conse, n'kusenza ngongole za makonsati amene analepheleka. Cimene anakana kusiya ni dzina. Anthu ambili sanamvetse: ufunilanji dzina limene anakupatsa wokuzunza? Koma zaka zonse zija thukuta linagwela pa dzina limenelo linali lake, mau anali ake, miyendo yovina inali yake. Mu 1984 anatulutsa Private Dancer, ndipo What's Love Got to Do with It inafika pa nambala 1 ku America iye ali na zaka 44. Anamwalila pa 24 May 2023 ku Küsnacht, pafupi na Zürich, ali na zaka 83. Ike anamwalila kale mu 2007, ndipo palibe Tina Turner waciwili amene anaikidwapo.

Nkhani iyi n'naiuza msuweni, osati kuti nimugonjetse, koma cifukwa iyankha funso lake bwino kuposa Cilatini. Ambuya ananyamula Fostina zaka zoposa 60, m'munda, pa malilo, ku cipatala, pa mzele wa feteleza. Pofika kwa ine dzinalo linali kununkha utsi wa m'khichini mwawo, osati lubani wa ku Roma. Iye anayankha kuti kuzolowela unyolo sikusandutsa unyolo kukhala mkanda. Tinasiyila pamenepo cifukwa nsima inafika.

Kwina kumene Tina apezeka nidzapitako mothamanga, cifukwa ni kungofanana kwa mau. M'Cipwitikizi, kungodumpha malile pa Chanida, tina ni mbiya yaikulu kapena bafa yocapilamo, ndipo m'Cisipanishi n'cimodzimodzi. Zimenezo msuweni asazimve. M'Ciarabu tin ni nkhuyu, tina ni nkhuyu imodzi, ndipo sura 95 ya Korani ichedwa na dzina la cipatso cimeneco. Aswahili anabweleka liwulo, amati tini. Ku Georgia, dziko la ku mapili a Caucasus, Tina ni cidule ca Tinatin, mwana wamkazi wa mfumu m'ndakatulo yaikulu ya Shota Rustaveli ya zaka za m'ma 1100, amene atate ake anamuika pa mpando iwo akali moyo, monga mmene zinacitikila kwa mfumukazi yawo yeniyeni, Tamar. Ndipo Tina Fey, wa mafilimu oseketsa a ku America, ni Elizabeth Stamatina Fey. Stamatina ni dzina la Cigiriki la kucimai kwake, locokela ku liwu lotanthauza kuleka. Lekani wa Agiriki. Pamenepo n'naima pang'ono, cifukwa ise a kum'mawa tikamva mwana achedwa Lekani sitifunsa kuti aleke ciani.

Mwana anabadwa mkazi. Pa kadi ya ku sikelo analemba Tiyamike, dzina limene anasankha msuweni, ndipo Fostina analiika pakati kuti ine nisadandaule. Sin'nadandaule, Tiyamike ni dzina labwino, ndipo mwanayu sadzayankha ku malilo a munthu aliyense. Koma mkulu wake wa zaka zitatu magawo anai amulemela, amati Tiya. Nyumba yonse yatengela. Mlamu wanga poika zithunzi pa Facebook amalemba Tia, ndipo tia m'Cipwitikizi na m'Cisipanishi ni azakhali, amene nine. Msuweni akali kulimbikila kuchula dzina lonse, yekha, monga mphunzitsi woitana maina m'kalasi imene ana athawa kale.

Liwu limodzi n'nalisunga. Ku Samoa, pa zisumbu za m'nyanja ya Pacific, tinā ni mai, ndipo ku Fiji n'cimodzimodzi. Kumeneko kulibe cocita na Roma kapena na Katete. Linanikhudza cabe cifukwa mu Chawama munthu amene amayankha ku dzina langa kambili kuposa ine ni amai. Nine woyamba kubadwa, conco kucokela tsiku limene n'natuluka m'cikuta iwo ni amake Tina. Pa msika ni amake Tina, ku kwaya ni amake Tina, atate mpaka tsiku lawo lomaliza anali kuwaitana amake Tina. Dzina lawo la pa reji azimai anzawo ambili salidziwa. Mwezi watha ananituma kukapeleka ndalama zawo za cilimba, ndipo amai osunga buku anatsegula peji, n'kutsetselekesa cala pa mndandanda: amake Junior, bana Mwansa, amake mapasa. Pa nambala 6 panalembedwa "Tina" cabe. Amake analiiwala kulemba, kapena bolopeni inakana, ndipo kwa zaka zinai palibe anaona cifukwa cokonzela.